Gatsby anagula zonse, koma chaka cha 1917 sichinali pamsika

Lero ndili ndekha, ndipo nkhani yathu yachokera kwa mmodzi wa inu. Mtsikana wina amene akuchita A-level ku Leeds ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Akuti, "Achimwene, kusukulu atipatsa The Great Gatsby. Filimu ndaonera kawiri, koma sindikumvetsa chimene aphunzitsi akulimbikira pa nkhani ya getsi lobiriwira. Kodi si nkhani ya munthu wolemera amene mkazi anamukana basi?"

Achemwali, funso lanu ndalikonda, chifukwa nanenso ulendo woyamba ndinaliwerenga choncho. Ndinangoona mapate, magalimoto ndi chibwenzi chosatheka. Nditalibwereza patapita zaka, ndili kale kunja kuno, ndi pomwe linandiluma. Mmene ndikulionera ine, bukuli likunena za munthu amene anakhulupirira kuti ndalama zikhoza kumugulira zinthu ziwiri: malo pakati pa anthu obadwira m'chuma, komanso nthawi imene inadutsa kale. Ndalamazo anazipezadi, zambirimbiri. Koma zinthu ziwirizo sizinali zogulitsa. Ndichenjezeretu kuti mathero ndiulula, ndiye amene simunawerenge musadzati sindinanene.

Tiyambe ndi bukulo. Analemba ndi F. Scott Fitzgerald, amene anabadwa mu 1896 ku St. Paul, m'chigawo cha Minnesota. Mbali yaikulu anailembera ku France mu 1924, ndipo linatuluka pa 10 April 1925 ku New York. Ndi kabuku kakafupi, mitu 9 yokha, koti munthu wakhama atha kukamaliza Loweruka ndi Lamlungu. Nkhani yonse ikuchitika m'chilimwe cha 1922, pa chilumba cha Long Island ndi mumzinda wa New York.

Nthawi imeneyo muyenera kuidziwa, apo ayi zambiri zikudutsani. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itatha mu 1918. Chuma cha America chinali kukwera, anthu ankagula magalimoto, mawailesi ndi masheya. Koma kuyambira mu 1920 mpaka 1933, boma linaletsa kupanga ndi kugulitsa mowa. Mukuganiza kuti anthu anasiya kumwa? Ayi ndithu. Malondawo anangolowa pansi, ndipo ozembetsa mowa analemera mwadzidzidzi. Gwirani mfundo imeneyi, tiifuna kutsogoloku. Fitzgerald ankalemba phwando lili pachimake. Sankadziwa kuti mu 1929 msika wa masheya udzagwa, komabe bukulo mukamawerenga mumamva kuti chinachake chatsala pang'ono kusweka.

Amene munaphunzirako Chichewa ku sekondale kumudzi mukukumbukira mawu akuti ampangankhani ndi mfotokozankhani. Ampangankhani ndi anthu a m'nkhani, mfotokozankhani ndi amene akutisimbira. Pano wotisimbira ndi Nick Carraway, mnyamata wa zaka 29 wochokera m'katikati mwa America, wophunzira ku Yale, amene wabwera ku New York kudzaphunzira ntchito yogulitsa mapepala a ngongole za makampani ndi boma. Wachita lendi kanyumba ka madola 80 pamwezi, ndipo mwangozi kanyumbako kayandikana ndi chinyumba cha Gatsby. Nick amadzitama kuti ndi woona mtima ndiponso sathamangira kuweruza. Koma muzimuyang'anitsitsa. Amaweruza pafupifupi aliyense, ndipo ndi yemweyo amene anapereka nyumba yake kuti mkazi wa mwini akumane ndi chibwenzi chake chakale. Chilichonse chimene tikudziwa cha Gatsby chadzera mwa munthu amene ankamunyoza kwinaku akumusirira.

Tsopano taonani malo. Fitzgerald anapeka midzi iwiri yoyang'anizana, pakati pali madzi a nyanja. Ku East Egg kumakhala mabanja amene chuma anachipeza chilipo, cha agogo awo. Ku West Egg kumakhala olemera dzulodzuloli. Ndalama zikhoza kufanana, nyumba za ku West Egg mwinanso n'kuposa kukula, koma a ku East Egg amawaona anzawowo ngati alendo ovala suti yobwereka. Gatsby ali ku West Egg. Mkazi amene akumufuna ali ku East Egg. Madzi ali pakatiwo ndi ochepa, boti silingachedwe kuwoloka, koma buku lonse ndi nkhani ya kulephera kuwoloka pamenepo.

Tsidya linalo kuli Tom Buchanan ndi mkazi wake Daisy, amene ndi msuweni wapatali wa Nick. Tom ndi chimunthu cha dzitho, anatchuka pa mpira ku Yale, ndipo sanagwirepo ntchito yoti atuluke thukuta. Ali ndi mahatchi ake amasewera. Ali ndi chibwenzi chamseri, Myrtle, mkazi wa makaniko wosauka, ndipo tsiku lina anamuswa mphuno ndi mbama chifukwa chotchula dzina la Daisy. Pa chakudya choyamba penipeni m'bukuli, Tom akuyamikira buku lonena kuti azungu ayenera kusamala kuti mitundu ina ingawamize. Munthu ali ndi zonse, koma mantha ake ndi akuti ena akubwera kudzalowa. Musaiwale kuti mu 1924 America inakhazikitsa lamulo lochepetsa kwambiri obwera kuchokera kum'mwera ndi kum'mawa kwa Europe, n'kutsekera a ku Asia. Maganizo a Tom sanali ake yekha.

Daisy ndi wovuta kumuweruza. Ambiri amangoti ndi mkazi wokonda ndalama, nkhani n'kuthera pompo. Koma taganizani. Akudziwa kuti mwamuna wake amayenda, foni ya chibwenzicho imalira iwo ali patebulo. Anakulira m'nyumba imene mtsikana ankaphunzitsidwa chinthu chimodzi, kukwatiwa pabwino. Usiku woti mawa ndi ukwati analandira kalata, n'kuledzera, n'kulira, mpaka kufuna kubweza mkanda wa ngale wa madola 350,000 umene Tom anamupatsa. Anamusambitsa madzi ozizira, tsiku lotsatira ukwati unachitika. Sindikumuikira kumbuyo, pakuti zimene anachita kumapeto n'zoopsa. Ndikungoti ndi munthu amene anaphunzira msanga kuti chuma ndi linga, ndipo kukavuta umathawira m'kati.

Nanga Gatsby mwiniwake? Poyamba timangomva mphekesera. Kunyumba kwake kumachitika mapate kumapeto kwa sabata iliyonse. Lachisanu kumabwera mabokosi a malalanje ndi mandimu, Lolemba kumatuluka makoko okhaokha. Anthu mazanamazana amabwera osaitanidwa, kudya, kumwa, kuvina, kwinaku akumujeda. Ena akuti anaphapo munthu, ena akuti anali kazitape wa Germany. Mwini nyumbayo samwa, amangoima poteropo kuyang'ana. Iye amauza Nick kuti ndi mwana wa banja lolemera limene linatha kufa, komanso kuti anaphunzira ku Oxford.

Zoona zake n'zakuti dzina lake lenileni ndi James Gatz, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota. Anayesa koleji ina ku Minnesota, n'kuthawako patatha masabata awiri chifukwa chochita manyazi ndi ntchito yosesa imene ankalipirira fizi. Ali ndi zaka 17 anaona boti la munthu wina wolemera, Dan Cody, litaima pa nyanja ya Lake Superior. Anapalasa kukamuchenjeza za mphepo, ndipo atafunsidwa dzina anati Jay Gatsby. Tsiku limenelo anadzibala yekha. Anayenda ndi Cody zaka zisanu, kuphunzira kavalidwe ndi kayankhulidwe ka olemera. Cody pomwalira anamusiyira madola 25,000, koma mkazi wina anamuchenjerera, sanalandire ngakhale kobiri. Za Oxford nazo si bodza lenileni. Anakhalako miyezi isanu mu 1919, pa mwayi umene asilikali ena anapatsidwa nkhondo itatha.

Mu 1917, ali msilikali pa kampu ina pafupi ndi Louisville ku Kentucky, anakumana ndi Daisy Fay, wa zaka 18. Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachiona. Chimene chinamulowetsa m'nyumba ya makolo a Daisy ndi yunifolomu. Yunifolomu imabisa kumene munthu wachokera, mwana wa mlimi ndi mwana wa bwana amaoneka chimodzimodzi. Gatsby anamusiya Daisy kuti aziganiza kuti ndi ofanana. Ndipo bukulo silibisa kuti chimene chinamukoka sichinali mtsikana yekha. Inali nyumbayo, khonde lake, moyo wosadziwa njala. Pamalo ena Gatsby mwiniwake amauza Nick kuti chimene chimamveka m'mawu a Daisy ndi chuma. Ndiye kwa iye, chikondi ndi chuma zinalukana kuyambira tsiku loyamba. Anapita kunkhondo, ndipo mu June 1919 Daisy anakwatiwa ndi Tom.

Gatsby anabwerako alibe kalikonse. Patangotha zaka zitatu ali ndi chinyumba. Zinatheka bwanji? Mowa uja. Anagwirizana ndi Meyer Wolfsheim, mkulu wa zigawenga amene m'bukuli akuti ndiye anagula mpikisano waukulu wa baseball wa 1919. Chinyengo cha 1919 chimenecho chinachitikadi, ndipo Wolfsheim anamuumba potengera munthu weniweni, Arnold Rothstein. Ankagula masitolo ogulitsa mankhwala n'kumagulitsiramo mowa mobisa, ndipo palinso za mapepala a ngongole achinyengo. Nyumbayo anaigula pa chifukwa chimodzi: ili moyang'anizana ndi ya Daisy. Mapate onse aja anali msampha wotchera mbalame imodzi, kuti mwina tsiku lina Daisy adzalowa.

Tafika pa getsi lanu lija, achemwali. Chizindikiro m'nkhani ndi chinthu chooneka chimene chasenza tanthauzo loposa icho. Ulendo woyamba Nick kumuona Gatsby, ndi usiku, ali yekha pa kapinga, watambasula manja kuloza kunyanja, ndipo akuoneka ngati akunjenjemera. Nick atayang'ana sakuona kanthu, koma kagetsi kobiriwira patali. Kagetsiko kali kumapeto kwa kamlatho kokochezapo maboti kunyumba kwa Daisy. Ntchito yake ndi wamba, kuonetsa maboti poima. Kwa Gatsby ndi zonse zimene akufuna pamoyo. Mtundu wake nawo uli ndi mawu. Kubiriwira ndi mtundu wa msipu wophuka kumene, ndi mtundu umene pamsewu umati pita, komanso ndi mtundu wa dola ya America. Chiyembekezo ndi ndalama zakhala m'kagetsi kamodzi.

Koma chizindikiro chimenechi sichikhala chimodzimodzi mpaka kumapeto, ndipo apa ndi pamene pali mamalikisi. Mu mutu 5 Nick amaitana Daisy kudzamwa tiyi, kunja kukugwa mvula, Gatsby n'kutulukira. Papita zaka pafupifupi zisanu. Munthu wa mapate uja wasanduka kamnyamata kamantha. Atatsamira pa shelefu anagunda wotchi yakufa, n'kuigwira isanagwe. Taonani: munthu amene akufuna kuimitsa nthawi wagwira m'manja wotchi yosayenda. Kenako anamutengera Daisy kunyumba kwake, n'kuyamba kuponya mashati ake ochokera ku England pamulu, amitundumitundu, mpaka Daisy anakwirira nkhope m'mashatimo n'kulira. Akulirira chiyani? Mashati? Zaka zotayika? Kapena kuti mnyamata amene anamusiya chifukwa cha umphawi lero ali ndi zonse? Bukulo silitiyankha, latisiyira ife.

Madzulo omwewo Gatsby amauza Daisy za kagetsi kaja, Daisy ali pambali pake atamugwira mkono. Nick amaona kuti mphamvu ya kagetsiko yatha pomwepo, kabwerera kukhala getsi wamba. Chinthu chimene wakhala akuchilota zaka zisanu chafika, ndipo ndi munthu chabe, wa thupi ndi magazi. Vuto si lakuti Daisy ndi woipa. Vuto n'lakuti palibe munthu wamoyo amene angakwane m'loto limene lakhala likufufuma usiku uliwonse kwa zaka zisanu.

Pali chizindikiro china chimene ndimachikonda, cha mulaibulale. Pa pate ina, Nick anapeza bambo wina woledzera, wa magalasi aakulu ngati maso a kadzidzi, akudabwa kuti mabuku a Gatsby ndi enieni, si makatoni. Koma masamba ake ndi osadula. Masiku amenewo mabuku ena ankabwera masamba ali ogwirana, woyamba kuwerenga ankachita kudula ndi kampeni. Ndiye kuti palibe buku limene linatsegulidwapo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gatsby anagula zooneka zonse za munthu wobadwira pabwino, koma anthu ngati Tom amanunkhiza patali kuti uyu si wathu. Kwa iwo suti yake ya pinki ndi chigalimoto chake chachikasu ndi umboni womutsutsa.

Zonse zinaphulika tsiku lotentha kwambiri, m'chipinda cha hotela ya Plaza ku New York. Gatsby sankangofuna kuti Daisy asiye Tom. Ankafuna kuti anene pamaso pa mwamuna wakeyo kuti sanamukondepo n'kamodzi komwe. Mukuona kukula kwa pempholo? Akufuna zaka zija zifufutidwe, abwerere ku Louisville, akayambire pomwe anasiyira. Nick anali atamuchenjeza kale kuti zakale sizibwerezedwa, iye n'kutsutsa kuti zimatheka. Daisy anayesa kunena, koma anabweza mawu. Anavomera kuti onse awiri anawakondapo. Tom ataona mpata anaulula za mowa zija, ndipo Daisy anayamba kubwerera m'linga lake.

Masana a tsiku lomwelo, asananyamuke, Gatsby anali ataona mwana wamkazi wa Daisy ndi Tom, ndipo ankangomuyang'ana modabwa, ngati sankakhulupirira kuti mwanayo alipodi. Mwana ndi umboni woyenda ndi miyendo kuti nthawi inadutsa. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Gatsby anatha moyo wake wonse akuwola.

Tsopano tipite kumene makamera a filimu sakonda kukhalitsa. Pakati pa midzi ya olemera ndi New York pali chigwa cha phulusa. Awa anali malo enieni, dzala lalikulu ku Corona m'dera la Queens, kumene ankataya phulusa la malasha a mumzinda. Lero pamalopo pali paki ya Flushing Meadows, kumene kumachitikira tenesi ya US Open. M'bukuli zonse kumeneko n'zotuwa, nyumba, magalimoto, anthu amene. Ndi kumene kumakhala George Wilson ndi mkazi wake Myrtle, pamwamba pa galaja yosayenda malonda. Olemera amadutsapo tsiku ndi tsiku pa sitima ndi pagalimoto. Kutentha kwa m'nyumba zawo ndi kuwala kwa mapate awo, zotsalira zake zimagwera kuno. Myrtle nayenso ali ndi loto lake, kutuluka m'phulusa kudzera mwa Tom. Ndi Gatsby wamkazi, kungoti alibe ndalama.

Pamwamba pa chigwacho pali chikwangwani chakale cha dokotala wa maso, T. J. Eckleburg. Pajambulidwa maso awiri aakulu obuluwa, ovala magalasi achikasu, opanda nkhope. Dokotalayo anachoka kalekale, utoto ukusuluka, koma masowo akungoyang'anabe. Mkazi wake atafa, George anayang'ana masowo n'kumayankhula za Mulungu amene amaona zonse, mnansi wake n'kumukumbutsa kuti chimenecho n'chikwangwani cha malonda. M'dziko la bukuli, malo amene panayenera kukhala woweruza pali chotsatsira malonda. Maso alipo, koma palibe amene akulanga.

Pobwerera kuchokera ku Plaza, Daisy ndiye ankayendetsa galimoto yachikasu ya Gatsby. Myrtle, amene mwamuna wake anali atamutsekera m'nyumba, anathamangira pamsewu poganiza kuti muli Tom, chifukwa masana anaona Tom akuyendetsa galimoto yomweyo. Inamugunda n'kufera pomwepo, ndipo siinaime. Gatsby anaganiza zosenza mlanduwo. Usiku umenewo anaima panja pa nyumba ya Daisy kumulondera kuti Tom angamupweteke. Nick atasuzumira pawindo anaona Tom ndi Daisy ali patebulo kukhitchini, pali nkhuku yozizira ndi mabotolo awiri, akukambirana ngati anthu ogwirizana chimodzi. Gatsby ankalondera nyumba imene munalibe womufuna. Mawa lake Tom anauza George mwini galimotoyo. George anamupeza Gatsby m'dziwe lake losambiramo, akudikira foni ya Daisy, n'kumuwombera, kenako n'kudziwombera yekha.

Tawerengani mitembo. Myrtle, George, Gatsby. Onse atatu anabadwa osauka. Tom ndi Daisy analongedza masutikesi n'kuchoka, osasiya adiresi. Ngati mukufuna kudziwa zimene bukuli likunena pa nkhani ya chuma, yankho lili pamenepa. Chuma chobadwa nacho sichingokugulira zinthu. Chimakugulira mwayi woswa zinthu ndi anthu, wina n'kudzasesa.

Kwathu timati maliro n'kulirana. Ndiye kwa ife mutu womaliza umawawa mwapadera. Nick anaimba mafoni kufuna anthu. Wolfsheim anakana, akuti safuna kulowa m'nkhani. Munthu wina amene ankagona ndi kudya kwa Gatsby kwa miyezi anaimba foni, osati kudzapepesa, koma kufunsa nsapato zake za tenesi. Daisy sanatumize uthenga ngakhale duwa. Kumanda, mvula ikugwa, kunali Nick, abusa, antchito ochepa, wamtengamakalata, bambo wa magalasi a kadzidzi uja, ndi bambo ake a Gatsby.

Bambo akewo, a Henry Gatz, anamva za imfayo m'nyuzipepala ya ku Chicago. Anafika ndi chithunzi cha nyumbayo chimene mwana wawo anawatumizira, chothetheka m'mbali chifukwa choonetsa anthu. Aliyense amene anatumizapo chithunzi kumudzi ataima pa galimoto yabwino akudziwa chithunzi chimenechi. Anabweretsanso kabuku kakale ka nkhani za makauboyi, kumene kumapeto kwake James ali mwana analemba ndandanda ya tsiku, ya pa 12 September 1906. Kudzuka 6 koloko, kulimbitsa thupi, kuwerenga za magetsi, kugwira ntchito, kuphunzira kuyankhula bwino pagulu, kusunga kangachepe sabata iliyonse, kuchitira makolo zabwino. Ine pamenepa m'pamene misozi imalengeza. Mwanayu anachita zonse zimene amatiuza kuti tizichita.

N'chifukwa chake aphunzitsi anu amatchula za loto la America, chikhulupiriro chakuti kumeneko aliyense wolimbikira atha kukwera, kaya anabadwira kuti. Mawu amenewo m'bukuli mulibe. Anatchuka pambuyo pake, mu 1931, kudzera m'buku la wolemba mbiri James Truslow Adams. Koma Fitzgerald anali ataliona kale lotolo ndi ming'alu yake. Patsamba lomaliza Nick ali pagombe, akuganiza za amalinyero a ku Holland amene anaona chilumbachi koyamba chili chobiriwira, n'kuchilumikiza ndi kagetsi ka Gatsby. Dziko lonse likuthamangira kuwala kuli kutsogolo, pamene madzi akulikokera kumbuyo.

Pali zina zimene ife tiyenera kuzinena ngakhale m'kalasi atazidumpha. Dziko lobiriwira limene amalinyero aja anaona linali ndi eni ake, ndipo tsamba limenelo siliwatchula. Nyimbo za jazz zimene zinapatsa nyengoyo dzina zinachokera kwa anthu akuda a ku America, koma m'bukuli anthu akuda amangooneka modutsa, opanda maina, ndipo pena Nick amawafotokoza monyoza. Wolfsheim naye anajambulidwa motsatira maganizo achipongwe amene anthu anali nawo pa Ayuda. Buku likhoza kuona bwino khoma limodzi n'kulephera kuona lina. Kunena zimenezi pa mayeso si kunyoza buku, ndi kuwerenga ndi maso onse awiri.

Fitzgerald ankalemba zimene zinamuchitikira. Zelda Sayre wa ku Alabama anathetsa chitomero chifukwa mnyamatayo analibe ndalama. Buku lake loyamba litagulidwa kwambiri mu 1920, ukwati unachitika patangotha masiku ochepa. Iye anamupeza Daisy wake, koma sanaiwale kuti chinatsegula chitseko n'chiyani. The Great Gatsby sinayende malonda monga ankayembekezera, ndipo anamwalira pa 21 December 1940, ali ndi zaka 44, akudziona ngati wolephera. Bukuli linadzuka pa nkhondo yachiwiri, pamene makope oposa 100,000 anagawidwa kwa asilikali a America. Kenako linalowa m'masukulu, n'kubwera mafilimu, ya Robert Redford mu 1974 ndi ya Leonardo DiCaprio mu 2013.

Nanga ife zikutikhudza pati? Sindikufuna kukokera nkhani ya ku Long Island kuti ikhale yathu, ndi ya Amereka ndi mabala awo. Koma tisanamizane. Ambiri a ife tinafupikitsapo dzina kuti bwana asavutike kutchula. Tili ndi mawu a pafoni ya kuntchito ndi mawu a kunyumba. Ena munabadwira konkuno, mumayankhula ngati eni dziko, komabe mumafunsidwa kuti kwenikweni kwanu n'kuti. Kudzipanganso si tchimo, munthu aliyense wosamuka amatero. Pamene Gatsby anaphonya ndi pakuti anamufufutiratu James Gatz, mpaka kunena kuti makolo ake anafa bambo ake ali moyo. Tsiku la tsoka, amene anakwera sitima kudzalira anali bambo a James Gatz.

Ndiulule changa. Kagetsi kanga kobiriwira sikali kuno, kali kumudzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti ndikadzamaliza nyumba ndidzabwerera, ndipo zonse zidzakhala mmene ndinazisiyira. Nditapita ulendo wapitawu ndinapeza anzanga ali ndi ana a ku sekondale, agogo amene ndinkafuna kudzawaonetsa nyumbayo tinawaika kale, ndipo ana a mlongo wanga ankandipatsa moni ngati mlendo. Palibe amene anandilakwira. Nthawi inangoyenda, ine ndili kalikiliki kusunga ndalama zogulira chaka chimene ndinachoka. Chiyambire pamenepo ndimaimba foni Lamlungu lililonse, kaya ndili ndi chotumiza kaya ndilibe.

Ndiye n'chifukwa chiyani mutu wa bukuli ukumutcha wamkulu, munthu wabodza, wozembetsa mowa? Mwina pali kunyodola pang'ono, ngati dzina la wamatsenga wa pa siteji. Koma Nick, tsiku lomaliza kumuona, anamuuza kuti amaposa gulu lonse lija kuliphatikiza pamodzi. Pakati pa anthu osakhulupirira kanthu, Gatsby yekha ndiye anali ndi chimene ankakhulupirira, ndipo anakhala nacho mpaka imfa. Mphamvu yoyembekezera inali yeniyeni. Chimene anaiikapo ndicho chinali cholakwika.

Achemwali a ku Leeds, mukamalemba mayeso musangoti getsi lobiriwira likuimira loto. Aliyense alemba zimenezo. Onetsani mmene likusinthira: mu mutu 1 ndi la Gatsby yekha ndipo lili patali, mu mutu 5 lazilala chifukwa Daisy wafika, mu mutu 9 lasanduka la dziko lonse. Chitaninso chimodzimodzi ndi galimoto yachikasu, imene inayamba ngati chonyadira n'kutha ngati chophera munthu. Ndipo pa mpangankhani aliyense dzifunseni mafunso awiri: akufuna chiyani, nanga akalakwitsa amalipira ndani?

Kwa ena nonse, bukuli kuyambira mu January 2021 ku America lilibenso umwini wa kampani, ndiye limapezeka mosavuta pa intaneti ndi m'malaibulale. Liwerengeni, kenako munditumizire uthenga. Ndikufuna kumva makamaka kwa amene mukuona kuti Daisy ndamuchitira chifundo chopitirira, chifukwa ndikudziwa kuti mulipo. Sabata ino muimbireko foni kumudzi. Tidzachezanso.